Matondo a ku Muraqqabat

Ndikukumbukira bwalo lamchenga limene linali kuseri kwa nyumba yathu ku Al Muraqqabat. Silinali bwalo lokonzedwa ayi. Anali malo chabe amene omanga anali asanawafike, pakati pa nyumba zitalizitali zinayi, pomwe anthu ankaimikapo magalimoto mmene afunira, ndipo Lachisanu masana azibambo a ku Pakistani ankasewerapo kiriketi. Ife tinkakhala pansanjika yachitatu, m'fulati ya zipinda ziwiri, ndipo khonde lathu linayang'ana kubwaloko. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinabadwira ku Dubai konkuno, moti mvula ndinkaidziwa ngati mlendo wa masiku awiri pachaka, ndipo munda ndinali nditauona pazithunzi zokha.

M'mphepete mwa bwalolo, motsamira mpanda wa malata, munamera zitsamba zitatu za masamba aakulu, otuwa, okhuthala. Palibe anazibzala, palibenso ankazithirira. M'miyezi yotentha ija, pamene ngakhale amphaka ankagona pansi pa magalimoto ali wefuwefu, zitsambazo zinkangoima ngati sizikumva kanthu. Ndiyeno chakumapeto kwa Okutobala, dzuwa likayamba kufooka ndipo anthu akayamba kutsegula mawindo, pankafika agulugufe. Anali a mtundu wa lalanje lakupsa, nsonga za mapiko zakuda zokhala ndi madontho oyera. Sankauluka mwaphuma. Ankayenda mwachifatse, mwamatama ndithu, ngati akudziwa kuti palibe angawagwire.

Ine ndinali mwana wa mafunso, wa mtundu uja wotopetsa akuluakulu. Ndinafunsa Adadi kuti agulugufewo amachokera kuti, iwo osachotsa maso pa nyuzipepala anati, "Ku Sharjah, monga aliyense wamene abwela ku nchito kuseni." Ndinakafunsa aphunzitsi athu a sayansi, mayi wa ku India amene ankakonda ana ofunsa, ndipo anandionetsa chithunzi m'buku. Panali agulugufe ofanana ndi athuwa, koma okulirapo, atadzaza mtengo mpaka nthambi kuwerama. Anati amenewo ndi a ku America, ndipo kuzizira kukamayandikira amanyamuka onse kulowera kum'mwera, ulendo wa milungu yambiri, n'kumaima panjira kudikira mphepo yabwino. Athuwa anati ndi abale awo, koma za kumene amachokera anavomera kuti sakudziwa bwino. "Uziwayang'ana, udzatiuze," anatero. Sanadziwe kuti apereka ntchito kwa munthu wosamva nthabwala.

Ndinatenga kope lakale la masamu n'kuyamba kulemba, m'mawa basi yasukulu isanafike komanso madzulo ndikaweruka. Ndipo ndinapeza zinthu. M'mawa wa chifunga, uja woti nyumba ya tsidya la msewu osaiona, zitsulo za pakhonde zili nyowe, agulugufe sankauluka. Ankakhala phee kunsi kwa masamba, mapiko atatseka, mpaka dzuwa liwawombe. Likawawomba ankayamba atambasula mapiko, kutseka, kutambasulanso, kenako n'kunyamuka. Tsiku lofunda lopanda mphepo ankachuluka, ena akutera pazitsamba, ena akungodutsa pamwamba pa magalimoto kulowera mbali imodzi osaima. Koma ikabwera shamali, mphepo ya kumpoto ija yonyamula fumbi mpaka kulimva m'mano, pabwalo sipankaoneka ndi mmodzi yemwe, ndipo ndinkadabwa kuti kanthu kopepuka chonchi kamabisala pati. Tsiku lina ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti kuzizira kumawachedwetsa, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri.

Chaka chimenecho Amayi anali ndi pakati, ndipo panawazunza. Amayi ndi a ku Kasungu, mayi wamphamvu, amene lifiti ikafa ankakwera masitepe ndi chigubu cha madzi pamutu, aneba athu a ku Philippines ali kukamwa yasa. Koma tsopano chilichonse chimene ankadya chinkabwerera. Fungo la anyezi, la sopo, la shawarma ya pakona, ngakhale la malaya a Adadi akachoka kuntchito, zonse zinkawathamangitsira kubafa. Anawonda mpaka mphete inayamba kuvuka yokha. Tsiku lonse ankagona pampando wautali wa pabalaza, makatani atatseka, ndipo kukhitchini anasiya kupondako. Ophika anali Adadi, madzulo akaweruka. Zakudya zawozo ndimazikumbukira, koma sindizilakalaka.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene Amayi ankachifuna: matondo. Ankati kwathu nthawi ino mvula yoyamba yagwa, mitengo yaphuka, matondo atsika. Ankafotokoza maso ali kudenga mmene amawatolera m'mamawa, kuwafinya, kuwawiritsa ndi mchere, kuwayanika, kenako kuwakazinga mpaka azikukutika m'kamwa. Adadi, amene ndi a ku Chipata ndipo amawatchula kuti vinkubala, anazungulira mashopu onse a ku Deira. Anafunsa amalonda a kwathu amene ankabwera kukampani ya kago kumene iwo ankagwira ntchito, koma aliyense ankati nyengo yake yangoyamba kumene, dikirani. Ine matondo ndinali ndisanawaonepo. Ndinkangodziwa kuti ndi mbozi, zimakhala pamasamba, ndipo zimabwera kutentha kukatha.

Lachisanu lina masana ndili pakhonde ndi kope langa, ndinamva Adadi akuyankhula motsitsa mawu pabalaza.

"Amake Tadala, so sitingapitilize. Muyende kumunzi, amai akakusungeni mpaka mukachile. Ine nizasala na mwana, sukulu siingaime."

"Mwana ndimusiyire ndani?" anatero Amayi. "Inu kuchoka m'mawa, kubwera dzuwa litalowa."

"Azajaila. Khalas, basi, nakamba kudala na a Nabanda. Muzayenda nao."

A Nabanda anali mayi wamalonda wa ku Lilongwe amene ankabwera kudzagula nsalu ndi nsapato, ndipo ankabwerera patatha milungu iwiri. Mmene Amayi analili sakanatha kukwera ndege okha, ndiye ulendo wawo unadalira munthu wowaperekeza. Pakhondepo ndinaika pensulo pansi. Pakati panali pa miyezi inayi yokha. Ndinawerenga ndi zala miyezi yotsala, ndinaonjezapo ya mwana wakhanda wosaloledwa kuyenda, ndipo zala zinatsala pang'ono kutha. Ndinachita mantha amene ndinali ndisanawamvepo. Koma ndinali mwana wa masamu, ndipo samu iyi ndinaiona yophweka: Amayi akadya, sapita.

M'mawa mwake kunalibe sukulu. Ndinatenga chitini cha mkaka wa ufa n'kutsika kubwalo. Mbozi ndinali nditaziona kale pazitsamba zija, koma ndinali ndisanaziganizire ngati ndiwo. Zinali zonenepa, za mizere yakuda, yoyera ndi yachikasu, zokhala ndi tinyanga tofewa, tiwiri kumutu, tiwiri pamsana, tiwiri kumchira. Zinkadya tsamba kuchokera m'mphepete mwadongosolo ngati munthu wodula nsalu. Ndikathyola tsamba pankatuluka mkaka woyera wonanda, ndipo zala zinayamba kumatana. Ndinali nditatola zisanu ndi zitatu pamene mlonda wa nyumba yathu, mkulu wa ndevu zopaka utoto wofiira wa hina amene ana tonse tinkamuti Chacha, anabwera akuthamanga ndi tsache m'manja.

"Nahi, nahi, beti! Zeher!" anafuula, akuloza chitsamba, kenako akuloza maso ake.

Ndinamva kuti akuti poizoni. Koma ndinadziuza kuti munthu wosadya matondo angadziwe chiyani za matondo. Ndinathokoza mwaulemu kuti shukran, ndinatseka chitini, ndinakwera. Chitofu cha gasi sindinkaloledwa kuyatsa, choncho ndinangopita kwa Amayi ndi chitini dzanja lino, mchere dzanja linali.

"Amayi, dzukani. Ndakupezerani matondo."

Anadzuka pang'onopang'ono, anatsegula chitini, anasuzumiramo.  Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka, kuseka kwenikweni kumene m'nyumbamo munali musanamveke kwa milungu, mpaka misozi chuchuchu. Mwadzidzidzi anasiya.

"Wadyako?"

"Ayi."

"Wagwira m'maso?"

"Ayi."

Anandikokera kubafa ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti adakali nayo, n'kundisambitsa m'manja katatu ndi sopo yemwe uja ankawasanzitsa, nkhope atatembenuzira kumbali. Anati mtengo wa mkaka chonchi ndi mbale wa nkhadze, ndipo kwathu alipo anthu amene anasiya kuona chifukwa cha nkhadze.

"Mbozi yodyedwa imabisala, mwanawe," anatero akundipukuta. "Ukaona ikuyenda poyera itavala ngati wapolisi wa pamsewu, dziwa kuti ngakhale mbalame zinaikana. Chikomekome cha mkuyu."

Apa m'pamene ndinalira. "Ndiye mupitabe?"

 Anatenganso chitini chija n'kuyang'ana mbozi imodzi ikukwera m'mbali, tinyanga tikugwedezeka. "Tisazitaye," anatero. "Tione kuti zisanduka chiyani."

Tinaziika m'ndowa ya pulasitiki pakhonde, pamwamba tinamangapo chidutswa cha neti ya udzudzu. Zinkadya ngati zalipidwa, ndipo masamba ankafunika atsopano tsiku lililonse. Poopa kuti ndikagwiranso mkaka uja, Amayi anayamba kutsika nane madzulo dzuwa likapendeka, majumbo atavala m'manja, akuyenda motsamira khoma. Kanali koyamba kutuluka panja patatha mwezi. Tikafika pabwalo ankaima n'kununkhiza mphepo, n'kuyang'ana kumwamba monga mwana wa mlimi, ndipo kawirikawiri ankalakwitsa. "Mitambo iyi kwathu bwenzi tikuthamangira kukaanula ufa," ankatero, kenako mawa lake kunkacha kuli mbee. Pomaliza anagamula kuti mitambo ya ku Dubai ndi yabodza. Koma za agulugufe anagwirizana ndi kope langa, ndipo anaonjezapo zawo: anati mphepo ikakhala yochepa amakonda kuyenda nayo, osati kulimbana nayo, ndipo ikakula amakakamira kunsi kwa tsamba, mbali yosawombedwa. Tinakafufuza tsiku la mphepo, tinawapezadi komweko. Funso limene linandivutitsa milungu itatu linayankhidwa ndi munthu wodwala wovala majumbo m'manja.

Amayi anali otsimikiza kuti mbozizo zilowa m'dothi monga amachitira matondo akakhwima, choncho tinathira mchenga m'ndowa muja. Izo sizinaulabadire. Zitatu zinafa, koma zisanu zinakwera timitengo timene tinaikamo n'kulendewera chadodolido, zitapinda ngati mbedza. Kutacha tinapeza mbozi palibe. Panali zikwa zisanu zosalala, zobiriwira ngati nandolo wamuwisi, zokhala ndi timadontho tonyezimira ngati golide wa m'mashopu a ku Deira. Amayi anagwada pakhondepo n'kuziyang'ana nthawi yaitali. "Ndakula ndi mbozi ine," anatero, "koma izi sindinazionepo."

Madzulo amenewo Adadi anabwera ndi tsiku la ulendo. Kunatsala masiku khumi. Ndinafunsa Amayi ngati apita asanaone chotuluka m'zikwamo, ndipo iwo anayankha pamaso pa Adadi: "Sindikwera ndege mpaka atuluke. Ndalonjeza." Adadi anangoseka n'kuvomera, chifukwa ndinali nditawauza kale zimene aphunzitsi ananena, kuti chikwa chimatenga pafupifupi mlungu umodzi. Kwa iwo samu inali yotheka. Ine ndinapita kuchipinda, ndinatsegula kope langa, ndinayang'ana mawu aja ndinawadula mzere kawiri.

M'mawa mwake ndinanama. Ndinati aphunzitsi akufuna zikwazo zizipita kusukulu tsiku lililonse kuti kalasi yonse izione. Ndinasamutsira timitengo tija m'chitini, ndinaboola mabowo pachivindikiro. Adadi ankachoka kusanache bwino, Amayi ankakhala ali gone pabalaza. Ndinkalowa kukhitchini ngati ndikukatenga madzi, n'kutsegula furiji pang'onopang'ono kuti isalire, n'kukankhira chitini m'kabati ya masamba, kuseri kwa kabichi. Ndikaweruka ndinkalowanso kukhitchini ndi chikwama kumsana, n'kutuluka ndi chitini m'manja ngati ndachokera nacho kusukulu. Ndinali nditaganiza zonse. Amayi sapita kukhitchini chifukwa cha fungo, ndipo Adadi akamabwera kudzaphika chitini chimakhala chili kale pabalaza, pansi pa esi, makina aja oziziritsa m'nyumba. Ndinadziona wochenjera kuposa anthu onse a ku Muraqqabat.

Koma kusukulu mtima unkakhala m'furiji. Aphunzitsi akuphunzitsa, ine ndikuganiza ngati kanthu kamoyo kamamva kuzizira kali m'chikwa, ngati kamagona kapena kamavutika, ngati kamadziwa kuti kunja kwenikweni kukutentha. Masana aliwonse ndinkatsegula chitini, n'kupumira mpweya wofunda pazikwazo, n'kuziyang'anitsitsa ngati zada. Zinali zobiriwirabe. Mlungu unatha. Kubwalo, pazitsamba zija, tinayamba kupeza zikwa zong'ambika zopanda kanthu, eni ake atauluka kale, koma zathu zinali duu. Kunena zoona, pambali pa mantha panalinso kukondwa kwa mtundu wina. Zimene ndinalemba m'kope zinali zoona, ndipo ndinali nditazitsimikiza ndekha. Chinkandipweteka n'chakuti ndinalibe womuuza.

Litatsala tsiku limodzi, Adadi anasuzumira m'chitini n'kupukusa mutu.

"Ivi vintu vinafa kudala."

"Sizinafe," anatero Amayi ali gone. "Zakufa zimada."

"Manje ndeke ni mailo. Yalla, tiyeni, longani."

"Ndinalonjeza mwana."

"Amake Tadala, mufuna kufela gulugufe?"

Anakangana mpaka mpunga unapserera. Adadi si munthu wokalipa, koma tsiku limenelo ndinawamva akumenyetsa chitseko cha kabati. Amayi sanakweze mawu, anangobwereza zomwezo, kuti mwana ukamunamiza kamodzi sadzakukhulupiriranso ukamuuza kuti ubweranso. A Nabanda anapita okha ndi mabelo awo. Wamalonda wina wodalirika ankayembekezeka patatha milungu itatu. Ine ndinapita kusukulu ndikudumphadumpha, ndipo chitini chinapitanso kuseri kwa kabichi.

Patatha masiku anayi, nditatsika basi ndinapeza Chacha akundidikira pakhomo ndi kiyi wa fulati yathu. "Mama hospital," anatero, n'kundigwira paphewa. Amayi anali atakomoka, ndipo aneba ndi amene anaimbira Adadi. Madzulo Adadi ananditenga kukawaona. Ndinawapeza ali pabedi lalitali, diripi ili kudzanja, milomo itang'ambika, maso atalowa. Anandimwetulira n'kufunsa ngati zikwa zili bwino. Adadi anakhala pampando pambali, nkhope ili m'manja, ndipo ndinamva dokotala akuwauza kuti mayiyu akufunika munthu womuyang'anira tsiku lonse, osati kutsala yekha m'nyumba. Ndinadziwa kuti akanapita ndi a Nabanda bwenzi ali m'manja mwa agogo. Ndinadziwa kuti ndawagwetsa ndine. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso pa chinthu china chilichonse mpaka lero.

Kuyambira tsiku limenelo chitini sichinalowenso m'furiji. Ndinabwezera timitengo m'ndowa pakhonde, pomwe dzuwa la m'mawa linkafika, ndipo ndinauza Amayi atatuluka m'chipatala kuti kalasi yaona mokwanira. Kunja kunali kofunda masiku amenewo, ndipo zikwa sizinachedwe. Zinayamba kuda pang'onopang'ono, kenako khungu linaonekera mkati, moti mtundu wa lalanje ndi madontho oyera zinkaoneka zitapindidwa m'menemo.

Lachisanu m'mawa, tonse atatu tili pakhonde ndi tiyi, choyamba chinang'ambika. Chimene chinatuluka sichinali chokongola: kanthu konyowa, kamimba kotupa, mapiko okwinyika ngati kansalu kochapidwa kumene. Kanakakamira pachikwa chake n'kulendewera. Tinadikira. Pang'onopang'ono mapiko anayamba kutambasuka, kamimba kakuphwa, mpaka kanakhala gulugufe weniweni ngati a pabwalo aja. Adadi, amene ankati vintu vinafa, anaiwala tiyi wawo mpaka anazizira. Pofika masana atatu anali atatuluka bwinobwino. Wachinayi anatuluka ndi phiko limodzi lopindika limene silinawongoke. Chikwa chachisanu chinada bii n'kuuma. Amayi anati zimachitika, sizonse zimene zimaswa. Ine ndinkadziwa chifukwa chake.

Tsiku lomwelo madzulo shamali inayamba. Kumwamba kunachita chikasu, zovala za anthu zinkauluka pamakonde, fumbi linkalowa ngakhale mawindo ali otseka. Amayi anati sitingatulutse ana mphepo yotere, choncho tinalowetsa ndowa m'nyumba n'kuwaikira thonje lonyowa ndi madzi a shuga. Ndinaona koyamba kakamwa kawo, kaulusi kopindidwa kamene amakatambasula akafuna kumwa. Mphepo inawomba masiku awiri. Tsiku lachitatu kunacha kuli bata ndi kozizira, ndipo ine ndinafuna kutsegula nthawi yomweyo, koma Amayi anati, "Kope lako likuti chiyani?" Tinadikira mpaka dzuwa litafika pakhonde. Anamasula neti. Agulugufe anakhala pamlomo wa ndowa, kutambasula mapiko, kutseka, kutambasulanso. Woyamba ananyamuka, anatsika kulowera kuzitsamba, kenako anakwera n'kudutsa pakati pa nyumba ziwiri, mbali yomwe anzake odutsa aja ankalowera. Enawo anatsatira aliyense nthawi yake. Wa phiko lopindika anatsala nafe, akuyenda pakatani, ndipo anakhala moyo mlungu umodzi.

Amayi ananyamuka ndi wamalonda wachiwiri uja. Anakhala ku Kasungu miyezi khumi. Matondo anadya, thupi linabwerera, ndipo mlongo wanga Yankho anabadwa wathanzi, wolira mokweza ngati wa kwawo kwa Adadi. Ine m'miyezi imeneyo ndinaphunzira kuphika mpunga wosapserera ndi kudziluka tsitsi mokhotakhota, ndipo ndinawasowa Amayi tsiku lililonse. Kusukulu ndinapereka kope langa, aphunzitsi analiwerenga pamaso pa kalasi, koma tsamba la furiji munalibe. Nkhani imeneyo sindinauze munthu, ngakhale Amayi atabwerera.

Lero bwalo lija kulibe. Pali hotela ya nsanjika zambiri, ndipo pamene panali zitsamba pali khomo lolowera magalimoto pansi. Ine ndimagwira ntchito yolandira alendo ku Downtown, ndimakwera sitima ya Metro imene nthawi ija inali maenje okhaokha m'misewu, ndipo za mphepo ya mawa ndimazimva pafoni ndisanatsegule ndi katani komwe. Agulugufe aja ndimawaonabe kutentha kukatha, mmodzimmodzi, pamaluwa othiriridwa ndi mapaipi, ndipo ndimaima kuyang'ana mbali imene akulowera mpaka anzanga andikoke. Kumene amachokera sindikudziwabe. Ana a anzanga amadziwa za agulugufe a ku America kuposa mmene ine ndinkadziwira, amawaona pa kanema akudzaza mitengo, koma alibe malo otolera mbozi zolakwika. Matondo nawo masiku ano amafika m'sutikesi tsiku limodzi, ukangotumiza uthenga. Ndinawalawa. Ndi abwino, koma sindingawakwerere ndege.

Makolo anga anabwerera kumudzi zaka zingapo zapitazo. Anakamanga ku Mchinji, kuti pakati pa Kasungu ndi Chipata pasapezeke wopambana. Chaka chatha nditapita ku tchuthi, tinakhala awiri ndi Amayi pakhonde tikuswa mtedza, Adadi atapita kudimba. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangoyamba kufotokoza zonse, za bodza la aphunzitsi, za furiji, za diripi ija, za chikwa chakuda. Ndinkayankhula ngati ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinamaliza ndi kupepesa, ndipo ndinadikira.

Amayi sanasiye kuswa mtedza.

"Unkaziika kuseri kwa kabichi," anatero, "kumene kumazizira kwambiri. Zikanafa zonse mlungu usanathe."



Anati anazipeza tsiku lachiwiri, akufunafuna ndimu. Kuyambira pamenepo, basi ikangochoka ankamanga chitenje pamphuno, kulowa kukhitchini, kukulunga chitini m'thaulo n'kuchiika pachitseko cha furiji pomwe sipazizira kwambiri. Nthawi yoweruka ikayandikira ankachibwezera kuseri kwa kabichi kuti ndichipeze mmene ndinachisiyira. Anati Adadi ndisawauze, chifukwa mpaka lero amauza anzawo kuti agulugufe a ku Dubai ndi aulesi.

"Nanga bwanji simunanene?" ndinafunsa. "Munadwala, Amayi. Munakomoka."

Anathira mtedza wa m'manja mwawo m'lichero, anasasa makoko pachitenje, ndipo anandiyang'ana.

"Iwe unkaganiza kuti wosafuna kuti ndipite unali wekha?"